Chiang Kai-shek anagonja bwanji kwa Mao, nanga Taiwan ikulowapo pati?

Funso: Ndine mphunzitsi wa ku Mzuzu. Chipatala chathu chachikulu anatimangira ndi a Taiwan, koma nyumba ya malamulo ku Lilongwe anamanga ndi a China, ndipo ana asukulu amandifunsa ngati awa ndi anthu amodzi. Ndimawayankha kuti kumeneko kunali nkhondo yapachiweniweni, koma pali chinthu chimodzi chimene chimandizunguza mutu. Ndinamva kuti boma la Kuomintang linali ndi asilikali ochuluka, ndege ndi thandizo la America. Nanga linagonja bwanji kwa achikomyunizimu amene ankagona m'mapanga?

Yankho: Aphunzitsi, zimene munamvazo n'zoona. Pakati pa chaka cha 1946, pamene nkhondoyi inkabuka komaliza, boma la Chiang Kai-shek linali ndi asilikali oposa 4 miliyoni, pomwe a Mao Zedong, mtsogoleri wa achikomyunizimu, ankangopitirira pang'ono 1 miliyoni. Mizinda ikuluikulu yambiri, madoko ambiri, njanji zambiri ndi ndege zankhondo, zonse zinali m'manja mwa boma. Koma pofika December 1949 Chiang anali atakwera ndege ku Chengdu kuthawira pachilumba cha Taiwan. Mmene ndimaonera ine, boma lakelo linayamba lafera m'kati lisanagwe kunkhondo. Ndalama yake inasanduka pepala wamba, msilikali wake ankagona ndi njala, ndipo mlimi wa kumudzi, yemwe ndiye anali unyinji wa anthu a ku China, sankaona chifukwa chotayira moyo wake pa boma limenelo. Koma kuti anawo aimvetse bwino, tiyenera kuyambira patali ndithu.

Ufumu wa China unagwa pa kuukira kwa mu 1911, ndipo pa 1 January 1912 kunabadwa dziko latsopano lotchedwa Republic of China, mtsogoleri wake woyamba ali Sun Yat-sen. Dzina limeneli mulisunge, chifukwa ndi lomwe boma la ku Taiwan likugwiritsabe ntchito mpaka lero. Dziko latsopanolo silinakhazikike. Yuan Shikai, amene analowa m'malo mwa Sun, atamwalira mu 1916, akuluakulu a asilikali anagawana zigawo ngati nyama ya pamaliro, aliyense ndi gulu lake lankhondo ndi msonkho wake. Chipani cha Sun, cha Kuomintang, chinkafuna kugwirizanitsanso dziko. Chipani cha chikomyunizimu chinabadwa ku Shanghai mu July 1921, pamsonkhano wa nthumwi 13 zoimira mamembala osaposa 60. Apolisi atawadzidzimutsa, anakamalizira zokambirana zawo m'boti panyanja ina ku Jiaxing.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti zipani ziwirizi zinayamba ndi kudyera mbale imodzi. Soviet Union inkathandiza zonse ziwiri, ndipo inalangiza achikomyunizimu kuti alowe mu Kuomintang. Pasukulu ya usilikali ya Whampoa, yomwe inatsegulidwa mu 1924, mkulu wake anali Chiang, ndipo mmodzi wa ophunzitsa ndale anali Zhou Enlai, amene pambuyo pake anadzakhala nduna yaikulu ya Mao. Akazembe ambiri amene anadzaphana mu 1948 anali ataguba limodzi pabwalo la sukulu imeneyi ali anyamata. Sun anamwalira mu March 1925, ndipo chaka chotsatira Chiang anatsogolera asilikali kulowera kumpoto kukagonjetsa akuluakulu a zigawo aja.

Ubalewo unathera ku Shanghai m'bandakucha wa pa 12 April 1927. Ogwira ntchito m'mafakitale, motsogozedwa ndi achikomyunizimu, anali atalanda mzindawo n'kuutsegulira Chiang. Iye anagwirizana ndi eni chuma ndiponso gulu la zigawenga la Green Gang, la Du Yuesheng, ndipo anatembenukira anzake aja. Kuphako kunafalikira m'mizinda ina, anthu zikwizikwi n'kutha. Otsala anathawira kumapiri, ndipo Mao anatolapo phunziro limene analinena pamsonkhano wa chipani chaka chomwecho, lakuti mphamvu za ndale zimachokera kukamwa kwa mfuti. Anatolaponso lachiwiri: m'mizinda mulibe pobisala, chipanicho chipulumukira kumudzi.

Ku Jiangxi, Mao ndi Zhu De, mkulu wa asilikali awo, anakhazikitsa kadziko kawo, likulu lake ku Ruijin. Chiang anawazinga kanayi osaphula kanthu. Kachisanu anamanga timalinga tambirimbiri mozungulira dera lonselo, n'kumafinya pang'onopang'ono mpaka mchere unasowa m'midzi. Mu October 1934 anthu pafupifupi 86,000 anaboola mpandawo n'kuyamba ulendo wautali umene mabuku amautcha Long March. Atawoloka mtsinje wa Xiang, oposa theka la iwo kunalibe. Anayenda chaka chathunthu kudutsa mapiri a chipale chofewa ndi madambo omira, ndipo amene anafika kumpoto kwa Shaanxi mu October 1935 sanapose 8,000. Kunena mwachilungamo, kumeneko kunali kuthawa kwa gulu logonja. Phindu lake linali lakuti Mao anatulukamo ali mtsogoleri womvedwa, kuyambira pamsonkhano wa ku Zunyi mu January 1935, ndipo chipanicho chinapeza nthano yokopera achinyamata. Mapanga mukunenawo ndi a ku Yan'an, kumene anadzakhazikitsa likulu lawo, nyumba zokumbidwa m'zitunda za dothi, momwe anthu a kumeneko akhala akugona kuyambira kale.

Pamenepo Chiang anali atatsala pang'ono kuwamaliza. Chimene chinawapulumutsa ndi Japan. Asilikali a Japan analanda Manchuria, dera la kumpoto chakum'mawa kwa China, mu 1931, koma Chiang anaumirira kuti ayambe wathana ndi mdani wa m'nyumba. Akuti ankanena kuti a Japan ndi nthenda ya pakhungu, achikomyunizimu ndi nthenda ya mumtima. Kazembe wake Zhang Xueliang, yemwe kwawo kunali ku Manchuria komweko, sizinamukomere kuti azipha Atchaina anzake kwawo kuli m'manja mwa alendo. Pa 12 December 1936, Chiang ali pafupi ndi Xi'an, asilikali a Zhang anathyola pamene ankagona. Anathawa ndi zovala zogonera, mano ake oikirira n'kuwasiya m'chipinda, anadumpha mpanda n'kudzipweteka msana, ndipo anakamupeza atabisala mumng'alu wa thanthwe kuphiri, akunjenjemera ndi chisanu. Anamumasula patapita masabata awiri, atavomera kusiya kumenyana ndi achikomyunizimu kuti onse alimbane ndi Japan. Zhang anaperekeza Chiang kubwerera ku Nanjing, ndipo kumeneko anamangidwa n'kukhala pa ukaidi wosachoka panyumba zaka zoposa 50.

Zaka 8 za nkhondo ndi Japan, kuyambira July 1937 mpaka August 1945, ndi pamene pagona yankho la funso lanu, ndipo apa ndikufuna tichitire Chiang chilungamo. Asilikali ake ndi amene anasenza nkhondo zikuluzikulu. Magulu ake ophunzitsidwa bwino anathera ku Shanghai mu 1937. Likulu la Nanjing linagwa ndipo anthu ake anaphedwa mwankhanza zosaneneka. Boma linasamukira ku Chongqing, kutali ndi madoko ndi mafakitale kumene linkapeza msonkho. Boma lopanda msonkho koma lili ndi asilikali mamiliyoni oti adye limachita zinthu ziwiri: limasindikiza ndalama, ndipo limalanda chakudya kwa mlimi. Zonsezi linachita. Mu June 1938 linagumula dala zipupa za mtsinje wa Yellow River kuti litsekereze a Japan, madzi n'kumiza midzi, anthu zikwi mazanamazana n'kufa. Mu 1942 ndi 1943 ku Henan kunagwa njala yoopsa, koma okhometsa msonkho wa tirigu sanaleke kuyenda m'midzi.

Ndiye taganizani za kulemba usilikali. Mwana wa mwinimunda ankagula ufulu wake ndi ndalama. Mwana wa mlimi wosauka ankagwidwa kumunda kapena pamsewu, n'kumangidwa chingwe pamodzi ndi anzake ngati mbuzi zopita kumsika, ndipo ankayenda masabata ambiri wapansi kupita kumalo a maphunziro. Ambiri ankafera m'njira ndi njala ndi kamwazi asanagwireko mfuti. Akafika, ankapeza kuti mkulu wa gulu akulandira malipiro ndi mpunga wa asilikali amene anafa kale kapena kuthawa, n'kumagulitsa. Munthu woteroyo mungamuwerenge m'kaundula kuti ndi msilikali, koma tsiku la nkhondo mtima wake uli kwawo.

Nthawi yomweyo achikomyunizimu ankalowa m'midzi ya kumpoto, kuseri kwa asilikali a Japan, kumene akuluakulu a boma anali atathawako. Ankatsitsa lendi ya minda ndi chiwongoladzanja cha katapila, kuphunzitsa anthu kuwerenga, ndi kukhazikitsa makomiti a m'midzi. Asilikali awo anali ndi malamulo oti asatenge ngakhale singano ya munthu wamba, ndiponso kuti chitseko chimene abwereka kuti agonepo achibwezere pamalo pake m'mawa. Kwa mlimi amene anazolowera kuti msilikali ndi wakuba wovala yunifolomu, zimenezi zinali zachilendo. Pofika 1945 chipani chija cha anthu ochepa chinali ndi mamembala oposa 1 miliyoni.

Japan itagonja, America inayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi. Mao anapita ku Chongqing kukakambirana ndi Chiang kwa masabata 6, ndipo anasainirana chikalata pa 10 October 1945. Kenako kunabwera George Marshall, nthumwi ya America, amene anakhala chaka chathunthu akuyesa, mpaka anabwerera kwawo mu January 1947 manja ali m'khosi. Palibe mbali imene inali yokonzeka kutula mfuti, pakuti onse ankakumbukira 1927.

Nkhondo yeniyeni inakapsera ku Manchuria. Asilikali a Soviet Union analowa m'derali mu August 1945, ndipo zida zambiri zimene analanda kwa a Japan zinathera m'manja mwa achikomyunizimu, otsogozedwa ndi Lin Biao. Amene amati Mao anapambana ndi manja ake okha amaiwala zimenezi. Koma cholakwa chachikulu chinali cha Chiang mwini. Alangizi a ku America anamuchenjeza kuti asatambasule miyendo kuposa mphasa, ayambe walimbitsa kumwera ndi pakati pa dziko. Iye anatumiza magulu ake abwino koposa ku Manchuria kuti agwire mzinda uliwonse. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mu March 1947 analanda ngakhale Yan'an, koma anapeza Mao atasamuka kale. Mzinda uliwonse umene ankalanda unkafuna asilikali oulondera, pomwe adani ake anali ndi midzi yonse yozungulira, akudula njanji usiku. Mizinda ija inasanduka makola, chakudya n'kumabwera pa ndege.

M'midzimo munkachitika chinthu chimene ndimachiona kuti ndicho chinagamula nkhondoyi. Kuyambira 1946, makamaka lamulo la minda la mu October 1947 litatuluka, achikomyunizimu anasiya zongotsitsa lendi n'kuyamba kulanda minda ya eni malo n'kumagawira osauka. Nthumwi za chipani zinkafika pamudzi, n'kugawa anthu m'magulu: eni malo, alimi olemera, apakati, osauka. Kenako zinkaitanitsa msonkhano wa pabwalo umene ankautcha kulankhula zowawa. Mwinimunda ankaimikidwa pakati, mutu atazyolika, ndipo mmodzimmodzi ankatuluka kunena zake: uyu ngongole ya mbewu imene inamudyera munda, uyo mwana wamkazi amene anatengedwa kulipira lendi. Misonkhano yambiri inkathera m'kumenya ndi kupha, ndipo ena ophedwawo kulemera kwawo kunali ng'ombe imodzi ndi kamunda kokulirapo. Ngakhale akatswiri amene amachepetsa chiwerengero amavomereza kuti pofika 1952 ophedwa anali zikwi mazanamazana. Anawo muwauze mbali zonse ziwiri. Mlimi analandiradi munda, ndipo kwa ambiri kanali koyamba m'mbiri ya banja lawo. Koma amene watenga munda wa mnzake, mwinanso n'kuponya nawo mwala, amadziwa kuti boma lakale likabwerera, mwini wake abwera nalo limodzi ndi mkwiyo wake, ndipo m'madera ena zimenezi zinachitikadi. Choncho ankapereka mwana wake ku usilikali, mwina mwa chiyembekezo, mwina mwa mantha, kawirikawiri zonse pamodzi.

M'mizinda, kumene boma linkadalira, ndalama ndiyo inalimaliza. Mitengo ya zinthu inkakwera m'mawa ndi madzulo. Mphunzitsi ngati inu akalandira malipiro ankathamanga nawo m'thumba la chiguduli kukagula mpunga dzuwa lisanalowe. Mu August 1948 boma linatulutsa ndalama yatsopano, imodzi kusinthana ndi 3 miliyoni zakale, ndipo linalamula anthu kuti apereke golide, siliva ndi ndalama zakunja zimene anasunga. Anthu wamba okhulupirika anamvera. Mwana wa Chiang, Chiang Ching-kuo, anatumizidwa ku Shanghai kukathana ndi obisa katundu, ndipo anamanga anthu otchuka ndithu. Koma atafika pakampani ya David Kung, mwana wa mchemwali wake wa mkazi wa Chiang, nkhaniyo inazimitsidwa kuchokera kumwamba. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Patangotha miyezi yochepa ndalama yatsopano ija inali itafa, ndipo amene anapereka golide wawo anatsala manja lende. Ambiri mwa iwo sankakonda chikomyunizimu ngakhale pang'ono, koma anasiya kudandaula kuti boma ligwa.

Nkhondo zimene zinaligwetsa zinatenga miyezi yosakwana isanu, kuyambira September 1948 mpaka January 1949. Ku Changchun, asilikali a Lin Biao anazinga mzinda kuyambira May mpaka October 1948, osalola chakudya kulowa. Oteteza mzinda ankathamangitsa anthu wamba kuti asunge chakudya, ozinga nawo osawalola kudutsa, ndipo khamu la anthu linatsekeredwa pakati pa mipanda iwiri, likudya udzu ndi makungwa a mitengo. Anafa ndi njala anthu pafupifupi 150,000, ena amati kuposa apo. Nkhani imeneyi siyenera kusowa pamene tikukamba za kupambana kwa Mao. Jinzhou inagwa pakati pa October, Shenyang kumayambiriro kwa November, Manchuria yense n'kupita.

Kenako kunabwera nkhondo ya Huaihai, kuzungulira mzinda wa Xuzhou, kuyambira November 1948 mpaka January 1949. Boma linali ndi akasinja ndi ndege. Achikomyunizimu anali ndi alimi mamiliyoni onyamula katundu, akukankha mawilibala amatabwa odzaza mapira, zipolopolo ndi nsapato zansalu zosokedwa ndi amayi m'midzi, pobwerera atanyamula ovulala. Kazembe wa achikomyunizimu Chen Yi amakumbukiridwa ponena kuti chipambano chimenecho chinachita kukankhidwa pa mawilibala. Akazembe a boma ankakayikirana, wina osafuna kupulumutsa mnzake, Chiang naye akulamula magulu ali kutali mowadumpha akuluakulu awo. Boma linataya asilikali oposa 500,000 pamenepo pokha. Ambiri sanafe ayi. Anagwidwa kapena kudzipereka, n'kupatsidwa chakudya, n'kulankhula zowawa zawo pamsonkhano, ndipo patapita masiku ochepa anali akumenya nkhondo mbali inayo ndi mfuti zomwe zija za ku America. Apa ndi pamene panathera kuchuluka kwa asilikali kumene mukufunsa.

Zotsalazo zinayenda mwachangu. Kazembe wa boma Fu Zuoyi anapereka Beijing popanda nkhondo kumapeto kwa January 1949. Mu April achikomyunizimu anawoloka mtsinje wa Yangtze n'kulanda Nanjing, mu May Shanghai, ndipo pa 1 October 1949 Mao analengeza dziko la People's Republic of China. Chiang anasamutsira ku Taiwan boma lake, golide wa dziko, chuma chamakedzana cha m'nyumba yachifumu, ndi anthu oposa 1 miliyoni.

Taiwan inali pansi pa Japan kuyambira 1895 mpaka 1945, ndipo eni chilumbacho anali atalawa kale ukali wa Kuomintang. Kuyambira pa 28 February 1947 anthu zikwi zambiri anaphedwa atadandaula za ulamuliro wa akuluakulu ochokera kumtunda ku China, ndipo lamulo la ulamuliro wa asilikali linagwira ntchito kuyambira 1949 mpaka 1987. Mao ankakonzekera kuwoloka nyanja, koma nkhondo ya ku Korea itabuka mu June 1950, Pulezidenti Harry Truman anatumiza sitima zankhondo pakati pa chilumbacho ndi kumtunda. Nkhondo yaikulu inaima pamenepo, ndipo mpaka lero palibe pangano la mtendere limene mbali ziwirizi zinasainirana.

Pali chinthu chimene chimandikhudza ndikafika apa. Ku Taiwan, pakati pa 1949 ndi 1953, boma la Chiang linatsitsa lendi kufika pa 37.5 peresenti ya zokolola, kenako linagula minda ya eni malo n'kuigulitsa motchipa kwa oilima, popanda misonkhano yopha anthu. Lamulo la lendi lotereli linalipo kale kumtunda kuyambira 1930, koma silinatsatidwe, chifukwa kumeneko eni malo anali abale ndi othandiza a chipani. Kumtunda nako, minda imene alimi analandira inalowetsedwa m'minda ya gulu m'zaka za m'ma 1950, ndipo njala ya 1959 mpaka 1961 inapha anthu mamiliyoni makumi angapo, ambiri a iwo a m'midzi yonga ija inakankha mawilibala.

Tsono kwa ana anu. Maboma onse awiri ankati ndiwo boma lenileni la China yense, choncho dziko lililonse linkayenera kusankha limodzi. Kwathu kuno nkhaniyi inali m'gulu la zimene zinagawanitsa nduna mu 1964, pamene Kanyama Chiume ndi anzake ankafuna ubale ndi Beijing koma Kamuzu Banda anakana. Malawi inakhazikitsa ubale ndi boma la ku Taipei, likulu la Taiwan, mu 1966, pomwe anansi athu a Zambia ndi Tanzania anatsamira ku Beijing, imene inawamangira njanji ya TAZARA. Mu October 1971, pamene United Nations inavota kuti mpando wa China upite ku Beijing, mavoti 76 anavomereza ndipo 35 anakana, la Malawi lili m'gulu la okanawo. Taiwan inasintha kwambiri pambuyo pake. Inasankha pulezidenti mwachindunji koyamba mu 1996, ndipo anthu ake ambiri lero amadzitcha a ku Taiwan, pomwe Beijing imanenabe kuti chilumbacho ndi chigawo chake. Ngati anawo afunsanso ngati ndi anthu amodzi, muwauze kuti ambiri a ku Taiwan makolo awo anachokera kumtunda ndipo chilankhulo cha boma n'chimodzi, koma akhala pansi pa maboma osiyana kuyambira 1949, ndipo funso lomwe akufunsalo ndilo gwero la mkangano umene ulipo mpaka pano.

Ubale wathu ndi Taiwan unatha mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Chikalata ndi Beijing chinasainidwa kumapeto kwa December 2007 n'kulengezedwa mu January 2008, ndipo madokotala a ku Taiwan amene ankagwira ntchito pachipatala chanucho ananyamuka chaka chomwecho. Mu Africa muno dziko la Eswatini lokha ndilo latsala ndi ubale wa ukazembe ndi Taipei. Mukafuna chitsanzo chapafupi choti anawo achione ndi maso, pali msewu wa Karonga kupita ku Chitipa: ntchito yake inayamba ndi thandizo la Taiwan, ndipo amene anadzaumaliza ndi a China.